Tsango la M'situdiyo ya Bambo

4 Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga Kadzidzi,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko kumene amakulipira chifukwa choyang'ana kumwamba. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo la Amayi ndi denga la kukhitchini, zomwe zimadandaulira limodzi mvula ikamabwera. Alamu ako akupereka moni.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani ya banja imafuna pepala. Monga ukudziwa, chimwalirireni Bambo udindo wonse wagwera ine, mwana woyamba. Sindinaupemphe, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nkhani ndi iyi. Situdiyo ya Bambo yatha ntchito. Masiku ano aliyense ali ndi kamera m'thumba, ngakhale ogulitsa makala akudzijambula okha. Ndapeza munthu wofuna kuchita lendi chipinda chakutsogolo kuti azigulitsiramo mafoni. Chipinda chakuseri chikufunika mwana wanga wamkulu, yemwe ndevu zayamba kumera akugonabe ndi azing'ono ake. Vuto ndi mtsikana uja wa m'situdiyo, Kaseketsa. Ine sindimuda ayi. Koma tinene zoona, si magazi athu. Anabwera ali kamwana, atagwira siketi ya mayi ake amene ankatsuka zithunzi m'chipinda chamdima. Mayiwo atamwalira, Bambo ndi mtima wawo uja anangoti akhale kaye. "Kaye" ameneyo wamera imvi tsopano. Tamulera, tamuphunzitsa ntchito, tachita mbali yathu. Amati mlendo ndi mame, koma awa ndi mame okana dzuwa.

Ndikufunanso kukulitsa chithunzi chomaliza cha banja, chija tinajambulitsa Bambo ali moyo, tichipachike pabalaza. Pali katswiri wina wa kompyuta amene akuti atha kumuchotsapo mtsikanayo osasiya ndi chala chomwe, pamalo pake n'kuikapo mphika wa maluwa.

Amayi ndikawauza amangoyang'ana kukhoma. Ndiye iwe, monga mwana wachiwiri komanso wophunzira wa pabanja pano, undilembere mawu ovomereza kuti ndiwaonetse amalume. Utumizenso tayi, yakuda ija yatopa ndi maliro. Komanso undiuze kuti kwenikweni umagwira ntchito yanji. Anthu akandifunsa ndimangoti "zakumwamba", ndiye ena akuyesa ndiwe m'busa.

Ndine mlongo wako,
Mutu wa Banja

22 Febuluwale

Achimwene a Tcheya,

Kalata yanu ndailandira ndi ulemu wonse, ndinaiwerenga nditaimirira. Ndasangalala kuona kuti mwakwezedwa. Kale munali tcheya wa komiti ya mpope, tcheya wa makolo kusukulu, tcheya wa kwaya yomwe simuimbamo. Lero ndinu Mutu. Thupi likudziwa? Tayi ndatumiza, ya timadonthomadontho, muzinena kuti ndi nyenyezi. Bondo la Amayi lipite kuchipatala, asamangolipaka mafuta a makina osokera.

Mwafunsa za ntchito yanga. Dzina lija munandipatsa chifukwa chokonda kukhala padenga madzulo likukunamizani. Kadzidzi wanu amagwira ntchito masana, m'chipinda chopanda windo, pakati pa kompyuta ndi ketulo yomwe aliyense amakana kutsuka. Ndimafufuza za matsango a nyenyezi. Mukukumbuka Nsangwe, tinyenyezi tija timaunjikana ngati anapiye, tomwe Bambo ankatilozera tikamatseka situdiyo? Limenelo ndiye tsango. Nyenyezi za m'tsango limodzi zinabadwa nthawi imodzi, mumtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi. Ndi ana a mimba imodzi. N'chifukwa chake timazikonda: poti zaka zake n'zofanana, tikaona kusiyana timadziwa kuti kwabwera ndi kukula thupi, ndipo potero timaphunzira mmene nyenyezi imakulira, kukalamba ndi kufa. Zikuluzikulu zowala kwambiri, zija zimafuna kuti aliyense azione, zimatha mafuta msanga, zimatupa, zimafiira, kenako zii. Ting'onoting'ono timayaka pang'onopang'ono mpaka kalekale. Sindikunena munthu.

Koma pali chinthu chimodzi chimatizunguza mutu. Ukayang'ana tsango, si nyenyezi zonse zooneka pamenepo zili za pamenepo. Zina zangoima kutsogolo, ngati anthu aja ankalowerera pa zithunzi za ukwati za Bambo, osadziwa mkwati kapena mkwatibwi, koma mano onse pamtunda. Ntchito yanga ndi kugwira zolowererazo. Tili ndi zithunzi zakale za pagalasi, zojambulidwa agogo athu asanabadwe, ndipo timaziyerekeza ndi za lero. Chithunzi chimodzi chimanama. Zithunzi zambiri za zaka zosiyana zimalephera kugwirizana bodza.

Ndiye musanaitanitse mphika wa maluwa, nditumizireni zithunzi zonse za pachaka, zija Bambo ankatijambula tsiku lokumbukira kutsegulidwa kwa situdiyo, patsogolo pa chinsalu chija cha masitepe ndi kasupe. Zonse, osangosankha zomwe inu munatuluka bwino. Ndidzakuuzani amene ali wa m'tsango ndi amene wangolowerera. Mawu ovomereza adikire kaye. Paja "kaye" wa kwathu amakhalitsa.

Ine mlongo wanu wosamva,
Kadzidzi

10 Malichi

Dokotala Kadzidzi,

Ndakunyadira! Ndinadziwa kuti sukulu yonse ija sinapite m'madzi. "Ana a mimba imodzi." Mawu amenewo ndawawerengera alamu ako, amalume onse, ngakhale wondimeta tsitsi. Zoti nyenyezi zikuluzikulu zimatha msanga ndamvanso, ndipo n'zoona, Bambo anali munthu wamkulu.

Zithunzi ndi izi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti azilongedze yekha, poti ndiye amadziwa pomwe zimakhala, ndipo ndinamufotokozera mwachikondi kuti zikupita kukapimidwa ndi sayansi. Anangomenyetsa chitseko cha kabati.

Ndaitanitsa msonkhano wa banja Lamlungu lachiwiri la Epulo. Kalata yako ya zotsatira sindidzaitsegula ndekha, ayi. Ndidzang'amba envelopu pamaso pa amalume, azakhali ndi Amayi, kuti wina asadzanene kuti a Tcheya anasinthamo mawu. Ulembe zomveka, koma uponyemo mawu ena akuluakulu, anthu amve kuti zachokera kutali.

Tayi yafika. Ndidzavala tsikulo.

Mlongo wako,
Mutu wa Banja

10 Malichi

Iwe Kadzidzi,

Moni ndilibe, wathera kulongedza. Kapepala aka ndakaika pansi pa chithunzi chomaliza kuti achimwene ako asakaone.

Ndiye wafika poti undipime? Iwe? Amene ndinkakupukuta mamina ndi siketi yanga usanaime pa chinsalu? Dzina langali ndinalipeza chifukwa cha iwe. Paja ukaona kamera unkalira ngati wakhalira singano, Bambo n'kumati, "Itanani kaseketsa uja," ine n'kumavina kuseri kwa kamera ngati wamisala mpaka iwe kuonetsa timano tako tiwiri. Lero mano akwanira, wayamba kuluma.

Achimwene ako sindikuwadabwa, iwo aja anabadwa ndi belu la msonkhano m'manja. Koma iwe ndinkakuyesa munthu.

Tamvera. Ine si mbuzi ya pamsika yoti wina aitsegule kukamwa kuti aone zaka. Sindidikira zotsatira zako, zikome ziipe. Bambo atadwala palibe anandifunsa za magazi ndisanawatembenuze pakama. Amayi akafuna kusamba sandifunsa kuti anandibala ndani. Ndapeza kachipinda kuseri kwa telala, msewu wa kumsika. Kali ndi windo loyang'ana kum'mawa, kuwala kwake kuposa kwa situdiyo. Mwezi ukatha ndikusamuka. Nditenga kamera yomwe ndinagula ndekha, zovala ndi bulangeti. Chinsalu cha masitepe, magetsi, mipando, zonse ndisiya, wa mafoni uja azikhalira. Anthu adzafunabe zithunzi za pasipoti, ndipo makanda adzafunabe wowaseketsa. Foni sidziwa kuvina.

Chondiwawa ndi Amayi okha. Ndayesa kuwaonetsa alamu mmene bondo lija limafunira kutikitidwa. Analiyang'ana ngati ndikuwaonetsa njoka.

Zithunzizo uzigwire m'mbali. Ukaikapo zala ndidzakupeza konko.

Ndine uja umati achemwali ukafuna kanthu,
Kaseketsa

30 Malichi

Kwa a Tcheya, amalume, azakhali, Amayi, ndi aliyense amene wabwerera tiyi,

Moni nonse. Pepani kuchedwa. Phukusi linafika ine nditapita kuphiri kumene kuli makina athu aakulu oonera nyenyezi. Munthu umapempha malo chaka chathunthu, amakupatsa masiku ochepa, ndiye mitambo inabwera kudzakhala nafe masiku onsewo ngati achibale. Ndabwerako ndi chimfine basi.

Achimwene, pitirizani kuwerenga mokweza. Munalonjeza.

Ndinanena kuti nyenyezi za m'tsango ndi ana a mimba imodzi. Chomwe simunadikire kumva n'chakuti pobadwa pake panalibe mboni. Nyenyezi siyenda ndi chikalata cha kuchipatala, ndipo sitingaitenge magazi. Nkhope sitiyang'ananso, pakuti yolowerera imawala ngati zinzake, nthawi zina kuposa. Ife timayang'ana mayendedwe. Timasanjika chithunzi chakale pa chatsopano. Za m'tsango zimapezeka zasunthira pamodzi, mbali imodzi, liwiro limodzi. Yolowerera imapezeka yalowera kwake. Mawu aakulu munapempha aja ndi amenewo: mayendedwe. Ena sindikupatsani, mungalume lilime.

Ndinayala zithunzi zathu patebulo lalitali, kuyambira chakale mpaka chomaliza. Anzanga anasonkhana, wina mpaka anafunsa ngati nyumba ya masitepe ndi kasupeyo ndi yathu. Ndinati inde.

Zotsatira ndi izi. Pakati pali Amayi, pampando, chaka chilichonse. Kumanja kwawo kuli Bambo, mbuu ngati mzukwa chaka chilichonse, poti ankatchera kamera n'kuthamangira pamalo awo, ndipo sanafikepo nthawi yake ndi kamodzi komwe. Achemwali a Kaseketsa akuyambira kumapeto kwenikweni, phewa limodzi lili kunja kwa chithunzi. Chaka ndi chaka akusendera m'kati. Chaka chomwe denga la situdiyo linasasuka n'kujambulira panja, alipo. Chaka chomwe Amayi anagonekedwa m'chipatala, chinsalu n'kupachikidwa pakhoma la wodi, alipo, ndipo ndi amene agwira ngodya yake. Pa chomaliza dzanja la Bambo lili paphewa pawo, ndipo aliyense wa maso aona kuti si dzanja lojambulitsa. Ndi dzanja la munthu woti akalichotsa agwa. Mukaikapo mphika wa maluwa, Achimwene, Bambo adzakhala atatsamira maluwa.

Tsopano inu. Mulipo, mulibe, mulipo mutavala suti, mulibe, mulibenso, mulipo mukuyang'ana wotchi. Kuntchito kwathu nyenyezi yotero timailemba kuti "yokayikitsa".

Za ine n'zachidule. Ndikuyambira pamiyendo pa Amayi, ndikusendera kumapeto, kenako ine mulibe. Matsango amatero, amataya nyenyezi zake imodziimodzi, ndipo zoyamba kuthawa ndi zopepuka. Ngati mphika wa maluwa ukusowa malo, anga alipo.

Chomaliza ndi chaulere. Kale anthu ankayesa kuti dzuwa lathu lili pakati pa mlalang'amba, mtsinje uja wa nyenyezi umadutsa kumwamba. Kenako anayang'anitsitsa matsango akalekale, aja obulungira ngati mpira, napeza kuti aunjikana mbali imodzi ya thambo, atazungulira malo ena akutali. Pakati ndi pomwe matsango azungulira, ife tili kumphepete. Zinawawa, koma anthu anapirira. Inunso mupirira.

Mawu ovomereza sinditumiza, lero, mawa, ngakhale mkuja.

Kadzidzi

Zoonjezera: Achemwali, kapepala kanu ndakapeza mochedwa, nditayala kale zonse. Musasamuke. Ndinkafuna kukola a Tcheya, sindinaganize kuti msampha uyamba kugwira inu. Zithunzi ndagwira m'mbali.

18 Epulo

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Usadabwe zilembo zokhotakhota, cholembera ndinachisiya kalekale ndipo magalasi ndi obwereka kwa telala. Ndili bwino. Bondo lilipo. Adiresi yasintha, uone kuseri kwa envelopu.

Kalata yako inapeza mkulu wako Kaseketsa atasamuka kale. Anachoka m'mawa, chikwama pamutu, kamera pakhosi, osacheuka. Ine ndinaima pawindo. Masiku otsatirawo alamu ako ankanditikita bondo ngati akupha nsikidzi.

Tsiku la msonkhano mlongo wako anavala tayi yako, anabwereka mipando kutchalitchi, anaika tebulo, nsalu yoyera ndi kapu ya madzi. Anaonetsa envelopu mbali zonse ngati wamatsenga: "Onani nonse, sinatsegulidwe." Anayamba ndi mawu a pa wailesi. Pofika pa mayendedwe mawu anayamba kuchepa. Pofika pa maluwa anaima nati, "Apa inki yafufutika."

Amalume ako aang'ono anati, "Bweretsa kuno, ine maso anga ndi abwino."

"Ayi amalume, ndi za sayansi izi, simungazimve."

"Nanga zoyamba zija tinazimva bwanji? Werenga, mphwanga. Tiyi tamwa kale, tilibe kothamangira."

Anawerenga. Pa "yokayikitsa" azakhali ako anaseka mpaka mano awo oikirira anagwera m'kapu. Mlongo wako anapinda kalata nati nyumba ino siyendetsedwa ndi nyenyezi, ndipo chigamulo chake chili pomwepo.

Ine ndinati, "Wanena zoona, mwana wanga. Nyenyezi sizinanditikitepo bondo." Ndinadzuka, ndinalowa kuchipinda, ndinatuluka ndi chikwama, pilo ndi ndodo.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kwa mwana wanga."

"Mwana wanu ndi ine!"

"Iwenso. Koma iwe uli ndi nyumba, mipando ya tchalitchi ndi wa mafoni. Ine ndikupita kumene kuli wondiseketsa."

"Anthu adzati chiyani?"

"Adzati kulitsa chithunzi chija, uikepo miphika iwiri."

Usadzitame kuti ndi kalata yako. Chikwamacho ndinalongedza tsiku lomwe mkulu wako anachoka, chinali pansi pa kama. Ndinangotsalira kuti ndimve mlongo wako akuwerenga. Ndinakubala ndine, ndinadziwa kuti m'katimo muli minga.

Ndinayenda wapansi, pang'onopang'ono, msewu wonse wa kumsika. Amalume ako ananyamula chikwama, azakhali pilo, ndipo mphaka wa m'situdiyo anatitsatira wosaitanidwa. Mkulu wako atationa pakhomo anati, "Amayi, muno mulibe malo." Ndinati, "Pamene unabwera kwanga, malo analipo?" Anasuntha kama.

Tsopano iwe. Mkulu wako analira chifukwa cha nzeru zakozo, ngakhale iye akana. Nkhani yofuna liwu limodzi lokha, "ayi", iwe mpaka kuitanitsa zithunzi ndi kukwera phiri. Ukatchera msampha pabwalo umayamba wauza ana a pakhomo. Umulembere bwinobwino, osati pansi pa kalata ya eni ake.

Unditumizire masokosi a ubweya. Simenti ya muno imazizira.

Mayi ako

6 Meyi

Kadzidzi,

Moni wa mwambo chabe. Wandichititsa manyazi pamaso pa amalume, ndipo tayi yako ndamangira chitseko cha khola la nkhuku. Chigamulo changa sichinasinthe, zimenezo zidziwike.

Ndingokudziwitsa mmene zinthu zilili. Wa mafoni analowa. Wakhoma sipika pakhomo, imalira nyimbo imodzimodzi kuyambira m'mawa. Anthu akubwerabe ndi makanda atawaveka bwino, akaona mafoni amafunsa, "Ajambuli aja anapita kuti?" ndiye ine mwini nyumba ndasanduka chikwangwani cholozera njira. Lamlungu achibale onse akumathera kuseri kwa telala, akumakhalira ndowa ndi mawindo, pamene kuno sofa akungodya fumbi. Ngakhale mwana wanga, amene ndinamumenyera nkhondo ya chipinda, akumakadya komweko. Alamu ako sakundiyankhula bwino. Akuti kumsika akumawaloza kuti ndi aja anathamangitsa apongozi.

Ndinapita kukawatenga Amayi. Anandipatsa moni ngati ndine wa inshuwalansi, kenako anandiuza kuti ndichoke pawindo, ndikutchinga kuwala.

Chithunzi sindinakulitse. Katswiri wa kompyuta anayesa, dzanja la Bambo linatsala m'malere. Ndinamuuza kuti asiye. Si chifukwa cha iwe.

Chinsalu cha masitepe ndinachipinda, chili m'khonde, aliyense akupunthwapo. Mwezi wamawa ndi tsiku lija la chithunzi, loyamba popanda Bambo. Sindikupempha kanthu. Koma pa nkhani ya sayansi chabe, poti pali mnzanga wina akufuna kudziwa: nyenyezi ikatsala yokha, tsango litapita, imatani?

Mlongo wako,
Tcheya

21 Meyi

Achimwene,

Muuzeni mnzanuyo kuti nkhani si yabwino. Nyenyezi yosiyana ndi tsango sibwerera. Imayenda yokha mumlalang'amba, ikuwala bwinobwino, popanda wodziwa kwawo. Akatswiri ambiri amaganiza kuti dzuwa lathuli linatero: linabadwa ndi abale ake, anabalalika, ndipo mpaka lero tikuwafunafuna. Mwina n'chifukwa chake limatentha chonchi, ndi mkwiyo.

Koma mumuuzenso kuti nyenyezi ilibe miyendo, ilibe phewa lonyamulira chinsalu, ndipo sidziwa kunena kuti pepani. Ziwiri zoyambazo mnzanuyo ali nazo. Chachitatucho ayeserere pagalasi. Tcheya sakalamba ndi kuphunzira mawu atsopano.

Achemwali ndawalembera padera, kalata yaitali yopanda nyenyezi ndi imodzi yomwe. Sanayankhe. Akundikhoza.

Chaka chino sindikwanitsa kubwera, ophunzira anga ali pa mayeso. Mutha kuseka.

Masokosi a Amayi ali m'njira. Tayi ina sinditumiza, nkhuku zitchene.

Kadzidzi

19 Juni

Mng'ono wanga Kadzidzi,

Moni uja ndinakubisira ndi uyu, tenga. Kalata yako ndinailandira, ndinaiwerenga, ndipo ndaiika pansi pa mwendo wa tebulo lomwe linkagwedera. Ikugwira ntchito yabwino. Takhululukirana.

Amayi ali bwino. Masokosi akuvala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense wobwera kudzajambulitsa amayamba waona masokosiwo.

Tsiku la chithunzi ndinakonza zoti tingojambulira pakhoma loyera la telala. Amayi anavala diresi yawo yabuluu. Amalume anabwera, azakhali, ana, mphaka. Tili m'kati mokonza mipando tinamva phokoso mumsewu. Kusuzumira, ndi achimwene ako, mu suti, thukuta kamukamu, chinsalu cha masitepe chili paphewa ngati mlongoti, msika wonse ukuonerera. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa, "A Tcheya, mwayamba ganyu?"

Achimwene ako anachitsitsa pakhomo nati, "Ndabweretsa katundu wa banja."

Ndinati, "Ndiye mwasochera. Kuno kuli mtsikana wa m'situdiyo."

Anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana Amayi, Amayi anayang'ana mphaka. Kenako anati, "Achemwali, pepani. Chipinda chanu chija... wa mafoni nditha kumuchotsa."

Achemwali! Chibadwire! Ndinafuna kuwauza kuti abwereze, koma ndinaopa angakomoke.

Ndinati, "Ndamva, koma sindibwerera. Kuno ndinabwera ndi miyendo yanga. Palibe anandiuza kuti khala kaye, ndipo palibe adzandiuze kuti nthawi yakwana. Chinsalucho pachikani apo. Chakhota, kwezani kumanzere."

Anapachika. Kasupe anapendekekabe pang'ono, koma madzi sanatayike.

Poima anathamangira pakati, mwachizolowezi. Ndinawaika kumapeto, phewa limodzi kunja. Ndinati aliyense amayambira pamenepo, chaka chamawa tiona mayendedwe. Amalume anatsokomola mpaka misozi.

Kenako panatsala funso lakuti atchere kamera ndani. Tonse tinayang'ana kumanja kwa Amayi, pamalo a Bambo. Achimwene ako anayamba kukonza pakhosi. Amayi anawagogoda nsapato ndi ndodo nati, "Amatchera ndi mwini kamera." Ndinatchera, ndinathamanga, ndinapunthwa pa mphaka.

Chithunzi ndi ichi. Uyo ali mbuu kumanja kwa Amayi ndi ine.

Mpando wopanda munthu uli kutsogolowo ndi wako. Achimwene ako anati katswiri wawo wa kompyuta atha kukuikapo, tingomupatsa chithunzi chako cha pasipoti. Ndakana. Pa situdiyo yanga sitichotsa munthu, sitimatanso munthu. Ukafuna kuoneka ukwere ndege, udzakhale pansi wekha. Ukadzalira ndidzavina.

Uchigwire m'mbali.

Mkulu wako,
Kaseketsa